Phazi la mvuu ku Loch Ness: ulendo wotsata mitu ya nyuzi zakale

Lolemba, London

Ndayambira ku Fleet Street, chifukwa nyuzi zimene ndikufuna kuwerenga sabata ino zinkaphikidwa mumsewu umenewu. Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, kuchokera mu 1918 kufika mu 1939, kuno kunali likulu la nyuzipepala za ku Britain. Makina osindikizira ankalira usiku wonse m'zipinda zapansi, magalimoto ali pamzere kudikira mitolo yoti akaikweze sitima. Lero kuli maofesi ndi malo omwera khofi. Nyuzi zambiri zinasamuka m'zaka za m'ma 1980, kuyambira pamene Rupert Murdoch anasamutsira zake ku Wapping mu 1986.

Wandiperekeza ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe amagwira ntchito kuno ndipo watenga tchuthi. Tinaima kutsogolo kwa nyumba yakale ya Daily Express, yomwe inatsegulidwa mu 1932. Ndi ya magalasi akuda, ngodya zake zokhotakhota, ndipo ngakhale lero imakoka maso. Mwini nyuziyo anali Lord Beaverbrook. Mdani wake pa malonda anali Lord Rothermere wa Daily Mail, yemwe anatenga nyuziyo mkulu wake Lord Northcliffe atamwalira mu 1922. Panalinso Daily Herald, nyuzi ya anthu apantchito.

Kuti munthu amvetse mitu ya nkhani ya nthawi imeneyo, ayambe wamvetsa mpikisano womwe unalipo. Ndalama zenizeni zinkachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa ankapita kwa amene ali ndi owerenga ambiri. Ndiye nyuzi zinayamba kugula owerenga. Ukalembetsa kuti uzilandira nyuzi tsiku ndi tsiku, ankakupatsa inshulansi yaulere ya ngozi. Kenako anatumiza anthu khomo ndi khomo atanyamula mphatso: maketulo, zolembera, makamera, masokosi a amayi, mabuku. Mu 1933 Daily Herald inafika pogulitsa makope 2 miliyoni pa tsiku. Mnyamatayu atamva za maketulo anaseka n'kundifunsa kuti, "Malume, ndiye anthuwo ankafuna nkhani kapena ketulo?" Ndinamuyankha kuti mkonzi aliyense ankadzifunsa funso lomwelo, n'chifukwa chake mutu wa nkhani unkayenera kufuula kuposa wa mnzake.

Tinalowanso m'tchalitchi cha St Bride's, chomwe amati ndi cha atolankhani. Muli guwa lokumbukira atolankhani omwe anaphedwa kapena kumangidwa ali pantchito.

Lachiwiri, British Library

Laibulaleyi ili pafupi ndi siteshoni ya St Pancras. Kuti ulowe m'chipinda chowerengera nyuzi umafunika chiphaso. Chikwama ndi jekete zimatsala pansi, katundu wako umamuika m'kajumbo koonekera mkati, ndipo bolopeni saloleza, koma pensulo. Nyuzi zambiri zakale umaziwerenga pa kompyuta kapena pa microfilm. Umakoloweka kafilimuko pa makina, n'kumapukusa, masamba akuthamanga pagalasi: mitengo ya sopo, zotsatira za mpira, maukwati, maliro, mpaka ufike pa tsiku lomwe ukufuna.

Ndinayamba ndi 1923. Mu Novembala 1922 Howard Carter anapeza manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt, ndipo amene ankalipira ntchitoyo, Lord Carnarvon, anagulitsa nkhani yonse kwa nyuzi imodzi yokha, The Times, pa mtengo wa mapaundi 5,000. Atolankhani ena onse, ngakhale a ku Egypt eni nthaka, ankangoima panja padzuwa kudikira zotsala. Anapsa mtima. Tsono udzudzu unamuluma Carnarvon patsaya, iye pometa ndevu anacheka pachotupapo, bala linanyeka, ndipo pa 5 Epulo 1923 anamwalira ku Cairo. Anali kale munthu wodwaladwala kuyambira pomwe anachita ngozi ya galimoto zaka zambiri m'mbuyomo.

Nyuzi zomwe zinamanidwa nkhani zija zinapeza pobwezera. Inayamba mitu ya temberero la Farao. Ankati pakhomo la mandawo panalembedwa mawu oti imfa idzafika ndi mapiko aliwiro kwa wosokoneza tulo ta mfumu, pomwe mawu otero sanapezeke m'mandamo. Aliyense amene anayandikirako n'kudzamwalira patapita zaka, kaya ndi ukalamba kaya ndi matenda, ankamuwerengera pa mndandanda wa Farao. Carter mwiniwake, yemwe anatsegula chitseko, kugwira mtembo, n'kukhala m'mandamo zaka pafupifupi khumi akulemba katundu, anakhala moyo mpaka 1939.

Masana ndinakumana ndi nkhani imene inandichititsa kugwira pakamwa kuti ndisaseke mokweza, poti m'chipindamo mumakhala zii. Pa chilumba cha Isle of Man, pafupi ndi mudzi wa Dalby, banja lina la alimi linanena kuyambira mu 1931 kuti m'makoma a nyumba yawo mukukhala msulu wolankhula, dzina lake Gef. Msuluwo unkati unabadwira ku Delhi mu 1852. Unkaimba nyimbo, kutukwana, kugenda miyala, ndipo akuti unkapita kukamvetsera miseche kwa anthu ena n'kudzaifotokoza kunyumba. Atolankhani anawoloka nyanja kukaumva. Ubweya womwe banjalo linati ndi wa Gef utatumizidwa kwa katswiri wa nyama ku London, yankho linabwera loti ndi wa galu, ndipo pakhomopo panalidi galu woweta nkhosa wotchedwa Mona.

Nkhaniyi sinathere pamenepo. Mkonzi wa magazini ya BBC yotchedwa The Listener, R. S. Lambert, anapita kukafufuza mu 1935 limodzi ndi Harry Price, munthu wotchuka pa zofufuza mizukwa. Bwana wina, Sir Cecil Levita, anayamba kuuza anthu kuti Lambert mutu wake sukuyenda bwino poti amakhulupirira msulu wolankhula. Lambert anakasuma, ndipo mu 1936 khoti linamupatsa chipukuta misozi choposa mapaundi 7,000. Tangoganizani oweruza ndi maloya atavala mawigi, nkhope zili gwa, akukambirana za msulu wobadwira ku Delhi. Chuma chimenecho panthawiyo chikanagula nyumba zingapo.

Lachitatu, British Library ndi Cable Street

Lero sindinaseke kwambiri. Ndinkafuna nkhani ya chilombo chomwe amati chimakhala mu Loch Ness, nyanja ya ku Scotland, mu Daily Mail ya Januwale 1934, poti mawa tikupita komweko, ndipo popukusa kafilimu ndinafika pa tsiku la 15. Pali nkhani yolembedwa ndi Lord Rothermere mwiniwake, mutu wake "Hurrah for the Blackshirts!" Akuyamikira gulu la malaya akuda la Oswald Mosley, lomwe linkatsanzira Mussolini ndi Hitler, ndipo akulimbikitsa anyamata kuti alowemo. Nkhaniyi ndinkaidziwa kale, koma kuiona pa tsamba, itazunguliridwa ndi malonda a tsiku ndi tsiku, kunandiwawa m'njira ina. Rothermere anasiya kulichemerera gululi pakati pa chaka chomwecho, pambuyo pa msonkhano wa ku Olympia pomwe anyamata a Mosley anamenya anthu otsutsa pamaso pa khamu.

Ndinabwerera m'mbuyo zaka khumi. Pa 25 Okutobala 1924, kutatsala masiku anayi kuti anthu aponye voti, nyuzi yomweyo inatulutsa mutu wonena za chiwembu cha nkhondo yapachiweniweni chokonzedwa ndi mabwana a asosholisti. Umboni wake unali kalata yomwe ankati yalembedwa ndi Grigory Zinoviev, mtsogoleri wa achikomyunizimu wa ku Moscow. Boma la Labour la Ramsay MacDonald linagwa pa chisankhocho. Kalatayo inali yopeka, ndipo kafukufuku wa unduna wa zakunja wa Britain mu 1999 anatsimikiza zimenezo.

Nthawi zina chodabwitsa ndi mutu womwe palibe. Miyezi yambiri ya 1936 nyuzi za ku America zinkalemba za chibwenzi cha Mfumu Edward VIII ndi Wallis Simpson, mayi wa ku America yemwe anasudzulanapo ndi mwamuna, koma eni nyuzi za ku Britain anagwirizana kutseka pakamwa. Anthu wamba anadzaimva nkhaniyo kumayambiriro kwa Disembala, bishopu wa ku Bradford atanena mawu okhudza moyo wauzimu wa mfumuyo, ndipo pasanathe masabata awiri mfumu inali itatula pansi udindo. Nyuzi zomwe zinali ndi malo a msulu wolankhula zinalibe malo a nkhani imene inagwedeza mpando wachifumu.

Chomaliza ndinaona Daily Express ya pa 30 Sepitembala 1938, nthawi ya pangano la ku Munich, pomwe Britain ndi France anagwirizana ndi Hitler pofuna kupewa nkhondo. Nyuziyo inalengeza motsimikiza kuti Britain silowa nkhondo ya ku Ulaya chaka chino, ngakhalenso chaka chamawa. Nkhondo inayamba mu Sepitembala 1939. Pamenepa ndinaganiza za kwathu, chifukwa nkhondo yomwe nyuziyo inati kulibe ndi yomwe inatenga anyamata a ku Nyasaland m'gulu la King's African Rifles kupita nawo ku Abyssinia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Ambiri mwa ife tili ndi agogo omwe anapita, ndipo ena sanabwerere.

Madzulo mnyamatayu anandiperekeza ku Cable Street, kummawa kwa London. Pakhoma la nyumba ina pali chithunzi chachikulu chopenta, chokumbukira pa 4 Okutobala 1936 pomwe Ayuda, anthu a ku Ireland, ogwira ntchito padoko ndi ena ambiri anatchinga msewu kuti gulu la Mosley lisadutse. M'chithunzicho muli akavalo a apolisi, mabotolo akuuluka, ndi amayi akukhuthula zonyansa kuchokera pamawindo.

Lachinayi, m'sitima

Tinakwera sitima yamasana ku King's Cross yopita ku Inverness, mzinda wa kumpoto kwa Scotland pafupi ndi Loch Ness, ulendo wa maola pafupifupi asanu ndi atatu. Podutsa ku York ndinakumbukira kuti nyuzi zenizeni zamapepala, zomwe ndakhala ndikuona zithunzi zake zokha, zimasungidwa chapafupi pomwepo ku Boston Spa, m'nyumba yomwe mpweya wake anauchepetsa dala kuti moto usayake. Zinasamukira kumeneko malo akale a ku Colindale atatsekedwa mu 2013. Newcastle ndi milatho yake, kenako nyanja kudzanja lamanja, Edinburgh, Perth. Kuyambira Pitlochry mitengo inayamba kuchepa, mapiri opanda kanthu, nkhosa apa ndi apo. Tinafika kutada, kukuzizira koopsa.

Lachisanu, Drumnadrochit

Basi yochoka ku Inverness imatsata msewu wa A82 m'mbali mwa nyanja, ndipo msewu umenewu uli m'kati mwa nkhani yathu. Unakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mitengo yambiri inadulidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu a m'magalimoto ankatha kuona madzi bwinobwino ulendo wonse. Loch Ness ndi yopyapyala koma yaitali makilomita pafupifupi 37, ndipo pena imazama mamita 230. Madzi ake ndi oderako ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa cha dothi lakuda la m'madambo lomwe mitsinje imakokolola. Ndinamiza dzanja pafupi ndi mabwinja a Urquhart Castle, ndipo zala zinachita dzanzi nthawi yomweyo.

Malo oonetsera mbiri ya chilombochi ali m'nyumba yomwe kale inali Drumnadrochit Hotel. Mayi amene ankayendetsa hoteloyo, Aldie Mackay, ndi yemwe ananena mu Epulo 1933 kuti waona chinthu chonga nangumi chikugudubuzika m'madzi. Pa 2 Meyi nyuzi ya Inverness Courier inalemba nkhaniyo pansi pa mutu woti "Strange Spectacle on Loch Ness". Mu Julayi George Spicer wa ku London ndi mkazi wake anati chinyama cha khosi lalitali chawadutsa kutsogolo kwa galimoto. Pofika kumapeto kwa chaka nkhani inali m'kamwam'kamwa dziko lonse, mahotela atadzaza, ndipo mwini sekasi (chionetsero cha nyama ndi masewero) wina, Bertram Mills, analonjeza mapaundi 20,000 kwa amene angachigwire chamoyo.

Apa m'pamene Daily Mail inalowerera. Mu Disembala 1933 inatumiza Marmaduke Wetherell, yemwe inkamutchula kuti mlenje wa nyama zikuluzikulu wodziwa Africa. Analinso wa zisudzo: mu 1925 anapanga filimu ya moyo wa David Livingstone, iye mwini n'kusewera ngati Livingstone. Patangotha masiku ochepa akuyendayenda pa boti, anapeza mapazi pagombe lakummwera. Anati ndi a chinyama champhamvu cha zala zinayi, chotalika mamita ngati sikisi, ndipo chadutsa maola ochepa apitawo. Pa 21 Disembala nyuziyo inalengeza kuti chilombo cha ku Loch Ness si nthano koma zoona.

Anathira pulasitala m'mapaziwo, n'kutumiza zikombole zake ku Natural History Museum ku London. Dziko linadya Khirisimasi likudikira. Kumayambiriro kwa Januwale 1934 akatswiri anayankha: ndi phazi la mvuu. Ndipo si mapazi anayi ayi, onsewo anadindidwa ndi phazi limodzi lomwelo, louma, la mtundu womwe azungu a nthawi imeneyo ankabwera nawo kuchokera ku Africa n'kuusandutsa choikamo maambulera kapena chotayiramo phulusa la ndudu.

Pamenepa tonse awiri tinaseka chikhakhali, mpaka alendo ena anatembenuka. Mnyamatayu, yemwe anakulira ku Liwonde m'mbali mwa Shire, anati, "Malume, akanangoitana msodzi mmodzi wa kwathu, nkhaniyo ikanatha tsiku lomwelo, pulasitala osawononga." Akunena zoona. Wokhala kufupi ndi mtsinje amadziwa kuti mvuu ikatuluka usiku kukadya msipu imasiya njira ya mizere iwiri, wamanzere ndi wamanja, pakati pali kamzere ka udzu, ndiponso imamwaza ndowe ndi mchira m'tchire. Mvuu yodumpha ndi mwendo umodzi m'chisanu cha ku Scotland, osasiya ndowe ngakhale pang'ono, ikanamudabwitsa ngakhale mwana. Koma mlenje wotchuka uja anaiona n'kuyeza kutalika kwa chilombo.

Titakhala pansi kumwa tiyi ndinawerengetsa masiku. Yankho la mvuu linabwera kumayambiriro kwa Januwale, nkhani yoyamikira malaya akuda inatuluka pa 15 mwezi womwewo, m'nyuzi yomweyo, kwa owerenga omwewo. Zimenezi zandikhala pamtima ulendo wonse. Sindikuganiza kuti kunali akonzi awiri, wina wa nthabwala wina wa zoopsa. Unali msika umodzi, ndipo chilichonse chokweza malonda chinkapatsidwa zilembo zikuluzikulu. Bodza la mvuu linali ndi mwayi woti linkatheka kuliika m'bokosi n'kulitumiza kwa akatswiri, yankho n'kubwera m'masabata awiri. Kalata ya Zinoviev inalibe koitumiza chisankho chisanachitike.

Loweruka, Dores

Tinakwera basi ina kupita ku Dores, kamudzi ka kumapeto kwa nyanja chakumpoto, kufupi ndi Inverness. Gombe lake ndi la timiyala tosalala, ndipo ukaima pamenepo umaona nyanja yonse italunjika pakati pa mapiri. Mphepo inali yamphamvu, mafunde ang'onoang'ono akuda akutukuka n'kumira, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake munthu woyembekezera kuona nsana wa chilombo amauona. Mu 1934 Sir Edward Mountain, bwana wa kampani ya inshulansi, analemba ganyu amuna 20 kuti azikhala m'mbali mwa nyanjayi ndi makamera kwa masabata asanu. Inali nthawi ya ulova waukulu, ndipo kwa amunawo inali ntchito yeniyeni ya malipiro.

Wetherell uja anachititsidwa manyazi, nyuzi zinamuseka, ndipo Daily Mail inamutaya. Koma pa 21 Epulo 1934 nyuzi yomweyo inasindikiza chithunzi chomwe aliyense amachidziwa, cha khosi lalitali ndi kamutu zitatuluka m'madzi. Anati wajambula ndi dokotala wa ku London, Robert Kenneth Wilson, ndipo poti anali dokotala anthu anakhulupirira. Chithunzicho chinayenda m'mabuku ndi m'magazini zaka 60.

Mu 1994 zinaululika kuti Christian Spurling, mwana wopeza wa Wetherell, yemwe ntchito yake inali youmba zifanizo, anavomera asanamwalire kuti chilombocho anachipanga ndi iye. Anatenga kasitima kapansi pamadzi koseweretsa ana kogulidwa ku sitolo ya Woolworths, n'kumatapo khosi ndi mutu. Chonsecho chinali chaching'ono choti munthu n'kuchinyamula m'manja. Wetherell ndi mwana wake Ian anakachiyandamitsa pamalo osaya n'kuchijambula, filimuyo n'kuipereka kudzera mwa mnzawo kwa dokotala uja kuti dzina laulemu likhale patsogolo. Nyuzi yomwe inamunyoza chifukwa cha mvuu inalandira chidole chake ndi manja awiri n'kuchiika poonekera. Ukachiyang'ana chithunzicho utadziwa zimenezi, umaona kuti timafunde tozungulira khosilo ndi tating'ono kwambiri, ndipo m'chithunzi chonse chosadula kachinthuko kamaoneka kakang'ono pakati pa madzi ambiri. Nyuzi inadula m'mbali monse kuti chikule.

Pobwerera m'basi mnyamatayu anandiwerengera za kalata ina yomwe malo osungira zikalata za boma ku Scotland anaitulutsa mu 2010. Inalembedwa mu 1938 ndi mkulu wa apolisi wa chigawo cha Inverness, William Fraser. Kunabwera anthu ochokera ku London omwe ankakonza mfuti yaikulu yoponya mkondo kuti adzachiphe chilombocho, ndipo iye analembera akuluakulu a boma modandaula. Anati zoti m'nyanjamo muli cholengedwa chachilendo n'zosakayikitsa, koma akukayika ngati apolisi ali ndi mphamvu yochiteteza. Anawachenjeza alenjewo kuti ndi bwino achisiye chokha.

Mawa m'mawa tikukwera sitima yobwerera ku London, ndipo Lolemba ndikapempha Inverness Courier ya chaka chonse cha 1933, kuti ndione momwe alimi ndi asodzi a kuno ankayankhira m'makalata awo opita kwa mkonzi.